Phindu la Kanthaŵi ka Bata

Pali chinthu chimodzi chimene a nyumba youlutsira mawu sachifuna ngakhale pang'ono, ndicho kukhala chete. Wailesi ikangoti zii kwa kamphindi, woulutsa mawu amatuluka thukuta, amisiri amathamangira ku makina, ndipo kumudzi womvera amainyamula wailesi ija n'kuigwedeza, kapena kuitsegula kumbuyo kuti aone ngati mabatire atha. Pa wailesi, kukhala chete ndi chizindikiro chakuti china chake chalakwika. Komabe nkhani ya madzulo ano ikunena za chinthu chomwecho chimene wailesi singathe kuulutsa, ndiko kanthaŵi ka bata, pamene munthu amakhala phee, popanda womuyankhula, popanda nyimbo, popanda lamya m'manja. Kodi kanthaŵi kotere n'kongotaya, monga ambiri amaganizira, kapena kali ndi ntchito yake pa umoyo wa maganizo a munthu?

Anthu akale sankalifunafuna bata, pakuti linkabwera lokha pamodzi ndi ntchito. Mnyamata woŵeta mbuzi ankakhala kudambo kuyambira m'maŵa kufikira dzuŵa litapendeka, akumva kulira kwa njiŵa ndi mphepo yokha m'mabango. Mayi ankalaŵirira kuchitsime kusanache, mtsuko uli pamutu, mame akunyowetsa miyendo. Mlimi ankakhala pachilindo tsiku lonse kulinda anyani, ndipo msodzi ankapalasa bwato lake mpaka mawu a kumtunda atazimirira. Ulendo wa kumsika kapena kuchipatala udali wa pansi, ndipo munthu ankafika atasinkhasinkha kale zimene akanene. Izi sizitanthauza kuti moyo umenewo udali wofeŵa, ayi. Kudali njala, matenda ndi ntchito yothyola msana. Ndiponso mudzi sudali malo a zii: mitondo inkalira, ng'oma zinkagunda, ana ankaseŵera pa mwezi. Koma phokoso lililonse lidali ndi nthaŵi yake. Ng'oma ikalira usiku wonse, m'maŵa inkaleka, ndipo mudzi unkapuma.

Zinthu zasintha m'nthaŵi ya moyo wa munthu mmodzi. Pa kalembera wa mu 1966, m'Malaŵi mudapezeka anthu oposa pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa mu 2018 adapezeka oposa 17.5 miliyoni. Mzinda wa Lilongwe, umene mu 1966 udali ndi anthu osakwana 20,000, pofika mu 2018 udali ndi anthu pafupifupi 990,000. Wailesi ya dziko lino idakhazikitsidwa mu 1964, wailesi ya kanema idayamba mu 1999, ndipo lamya za m'manja, zimene zidafika m'zaka za m'ma 1990 ngati chinthu cha anthu olemera okha, tsopano zili m'thumba la wogulitsa tomato ndi la mwana wa sukulu yemwe. Zonsezi zabweretsa zabwino zambiri zimene palibe angazikane. Mlimi amamva mitengo ya mbewu ali kumudzi kwawo, ndipo mayi amalandira ndalama kuchokera kwa mwana wake wa ku Johannesburg tsiku lomwelo. Koma akulu adati walira mvula walira matope. Pamodzi ndi zabwinozi pabwera phokoso losadziŵa usana kapena usiku.

Chitsanzo chake n'chosavuta kuchipeza. Pali bambo wina wokhala ku Ndirande, kapena ku Kawale, kapena ku Chibavi. Dzina lake lilibe kanthu, pakuti alipo ambiri onga iye. Amadzutsidwa kusanache ndi nyimbo za kunyumba yoyandikana nayo. Asanasambe m'maso watenga kale lamya, ndipo mwadzaza mauthenga: kumudzi kwagwa maliro ndipo akufuna chopereka, kusukulu akukumbutsa za fizi, wa katapila akufunsa za tsiku. Pa siteji, oitanira minibasi akukuwa, njinga zamoto za kabaza zikuliza mahutala, ndipo m'minibasimo chimkuzamawu chili pansi pa mpando wake. Kuntchito, mbali ina kuli chigayo, mbali ina ootcherera zitsulo, ndipo magetsi akazima jenereta imayamba. Madzulo akafika kunyumba, pamalo omwera moŵa apafupi ayamba kale. Akagona pamphasa amatenganso lamya ija, n'kumaŵerenga mikangano ya anthu amene sadawaonepo, kufikira maso atalemera. Ndiye mwana wake wamng'ono akabwera n'kunena kuti kusukulu akufuna kope latsopano, bamboyo amaphulika ndi ukali umene iye mwini amaudabwa pambuyo pake. Mwana amathaŵira kwa amake, ndipo nyumba yonse imagona ndi mantha.

Bamboyu si munthu woipa mtima. Mavuto ake ndi enieni, ndipo kukhala chete sikungamulipirire ngongole. Koma pali chinthu china chimene chikumuonjezera katundu: kuyambira m'bandakucha mpaka pakati pa usiku sadapeze ngakhale mphindi zisanu zoti amve maganizo ake. Aliyense wamuyankhula tsiku limenelo, kupatula iye mwini.

Tsiku la bamboyu likuonetsa kuti phokoso la masiku ano lili pamitundu iŵiri. Loyamba ndi la m'makutu. Lachiŵiri ndi la mauthenga, limene silimveka kunja koma limasokosa m'mutu. Ndi bwino kuyamba ndi loyambalo, pakuti za ilo madokotala adziŵa zambiri.

Maso ali ndi zikope, koma khutu lilibe chitseko. Ngakhale munthu ali m'tulo, khutu limakhala likulondera, ndipo likamva mkokomo limauza ubongo kuti mwina kunja kuli choopsa. Pamenepo thupi limatulutsa m'magazi timadzi tina, totchedwa adrenaline ndi cortisol, timene timafulumizitsa mtima, kukweza kuthamanga kwa magazi ndi kuumitsa minofu, kuti munthu athe kuthaŵa kapena kumenyana. Kwa mlenje wokumana ndi njati m'thengo, zimenezi zidali zopulumutsa moyo, ndipo njati ikapita thupi linkabwerera m'malo. Koma mkokomo ukakhala wa tsiku ndi tsiku, thupi limakhala ngati msilikali amene sachoka pa ulonda. Zotsatira zake ndi tulo tosakhutitsa, mutu wosatha, mtima wapachala, ndipo pakapita zaka, matenda a mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Ambiri amati, "Ife tidazoloŵera, sitilimvanso." Zoona, maganizo amazoloŵera, koma ofufuza apeza kuti mtima wa munthu wogona umafulumirabe galimoto ikadutsa, ngakhale mwini wakeyo sadzuka ndipo m'maŵa sakumbukira kanthu.

Phokoso amaliyeza ndi muyeso wotchedwa decibel. Kunong'ona kumakhala pafupifupi 30, kucheza kwa anthu aŵiri pafupifupi 60, ndipo munthu wokhala maola 8 tsiku lililonse pa phokoso lopitirira 85 amayamba kuonongeka makutu pang'onopang'ono. Mu 2009 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, lidalangiza kuti phokoso la usiku kunja kwa nyumba zogona lisamapitirire 40. Mu 2011 bungwe lomwelo lidaŵerengera kuti kumadzulo kwa Ulaya kokha, phokoso la magalimoto, sitima ndi ndege limalanda anthu zaka za umoyo wabwino zosachepera 1 miliyoni chaka chilichonse, makamaka chifukwa cha kusokoneza tulo.

Ana nawonso amavutika, ngakhale sadziŵa kudandaula. Mu 1975 mayi wina wophunzira za maganizo a anthu, Arline Bronzaft, adafalitsa zimene adapeza pa sukulu ina ya mumzinda wa New York, ku America. Sukuluyo idamangidwa pafupi ndi njanji, ndipo sitima inkadutsa pafupifupi mphindi zinayi ndi theka zilizonse. Makalasi ena adayang'ana kunjanjiko, ena adali kuseri. Ana adali a m'dera limodzi, a mabanja ofanana. Koma pofika m'kalasi lachisanu ndi chimodzi, ana a mbali ya njanji adali atatsalira pa kuŵerenga ndi pafupifupi chaka chathunthu poyerekeza ndi anzawo a kuseri. Akuluakulu atamva izi adaika mphira pansi pa njanji ndi zotchinga phokoso kudenga la makalasi. Mu 1981 mayiyo adafalitsa zotsatira za kuyeza kwachiŵiri, ndipo kusiyana kuja kudali kutatha. Anawo sadali mbuli; chimene chinkawabera nzeru ndi mkokomo. Makomiti a sukulu zoyandikana ndi chigayo, msika kapena mseu waukulu angachite bwino kuilingalira nkhani imeneyi asanawatche ana awo aulesi.

Ngati phokoso limaononga chotero, nanga bata limachita chiyani? Mu 2006 dokotala wina wa ku Pavia, m'dziko la Italy, Luciano Bernardi, ankafuna kudziŵa mmene nyimbo zosiyanasiyana zimakhudzira mtima. Adamvetsera anthu 24 nyimbo zofulumira ndi zodekha, uku akuyeza kugunda kwa mtima, kupuma ndi kuthamanga kwa magazi. Pakati pa nyimbozo adaikapo mphindi ziŵiri za chete. Chimene adapeza n'chakuti thupi linkamasuka kwambiri pa mphindi ziŵiri zachetezo, koposa pamene nyimbo yodekha inkaimbidwa. Mphindi ziŵiri zokha, nthaŵi yosakwanira ngakhale kuŵiritsa madzi a tiyi.

Palinso china chozama kuposa apa. Kale ophunzira ankaganiza kuti munthu akangokhala osachita kanthu, ubongo wake umazima ngati nyali. Mu 2001 Marcus Raichle ndi anzake a ku St. Louis, ku America, adaonetsa kuti si choncho. Pojambula ubongo ndi makina, adapeza kuti munthu akaleka ntchito n'kukhala duu, pali zigawo zina za ubongo zimene pamenepo m'pamene zimayamba kugwira ntchito kwambiri. Kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti zigawo zimenezi ndi zimene munthu amakumbukira nazo zakale, kukonzekera zam'tsogolo, kudzifunsa za khalidwe lake, ndi kuyerekeza mmene mnzake akumvera. Ubongo umalemera pafupifupi magawo 2 okha pa magawo 100 a thupi, koma umadya pafupifupi magawo 20 a mphamvu zake, ndipo kudya kumeneku sikutsika kwenikweni munthu akakhala chete. Motero gogo amene wakhala pakhonde akuyang'ana kuphiri sali pa ulesi. M'mutu mwake muli ntchito yosanja, yofanana ndi ya mayi amene wabwera kumunda ndi dengu losakaniza, ndipo wakhala pansi kuti apatule nyemba, nandolo ndi zinyalala.

Ntchito yosanjayi imathandizanso kukumbukira. Mu 2012 Michaela Dewar ndi anzake a ku Edinburgh, ku Scotland, adaŵerengera anthu achikulire tinkhani tiŵiri tatifupi. Atamva kankhani kena, anthuwo adapatsidwa mphindi 10 zongokhala chete m'chipinda cha mdima. Atamva kena, adapatsidwa kamaseŵero ka zithunzi. Patapita masiku 7, ankakumbukira bwino kankhani kamene kadatsatana ndi kupuma kuja. Wophunzira amene amatseka buku n'kutsegula lamya nthaŵi yomweyo akufanana ndi munthu wobzala mbewu n'kulola nkhuku zifukule asanakwirire.

Zimene makina aonetsazi, amayi a kumudzi adazidziŵa kale mwa njira yawo. Nthaŵi ya dzinja madzi a mumtsinje amabwera ofiira. Mayi akawatunga sawatakasa ndi chipande kuti ayere. Amatula mtsuko pansi n'kuusiya. Pakapita kanthaŵi matope amadikha, ndipo madzi oyera amaonekera pamwamba. Mawu akuti kudikha ndi kudekha ali pachibale m'kamvekedwe, ndipo ntchito yake ndi imodzi. Mtima wovunduka suyera ndi kuutakasa. Ndi chifukwa chake akale, mlandu ukavuta pabwalo, ankati nkhaniyi igone, ndipo m'maŵa mwake anthu omwe aja ankabwera ndi mawu ena. Ndi chifukwa chakenso adati kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti nkhono ikamva kugwedezeka imabweza maso ake, ndipo amawaona ndi yekhayo amene wakhala phee n'kudikira. Zipembedzo nazo zidasunga nzeru yomweyi. Akhristu amaŵerenga kuti Yesu ankachoka pakati pa makamu n'kupita kumalo kopanda anthu kukapemphera, ndipo Asilamu amaimitsa ntchito kasanu pa tsiku, pamene ena amabindikira mumzikiti masiku khumi otsiriza a mwezi wa Ramadan.

Nanga ngati bata lili labwino chotero, bwanji anthu ambiri amalithaŵa? Apa m'pamene pali phokoso lachiŵiri lija, la mauthenga. Mu 2014 Timothy Wilson ndi anzake a ku Virginia, ku America, adaika anthu m'chipinda, mmodzimmodzi, kwa mphindi 15, popanda lamya, buku kapena cholembera. M'chipindamo mudali kabatani kamene munthu akakadina kankamugwira ndi magetsi pang'ono. Onsewo adali atalaŵa kale ululu wake, ndipo adanena kuti angalole kulipira ndalama kuti asaumvenso. Komabe atatsala okha ndi maganizo awo, amuna 12 mwa 18 ndi akazi 6 mwa 24 adadina kabataniko mwa kufuna kwawo. Kwa iwo ululu udali wopepuka kusiyana ndi kungokhala.

Izi siziyenera kudabwitsa. Phokoso likaleka, zimene munthu wakhala akuzikankhira kumbali zimatulukira: ngongole, mawu oipa amene adauza mkazi wake, m'bale amene adamwalira asanakhululukirane. Lamya imapereka pothaŵira posavuta, ndipo amene amapanga zinthu monga Facebook ndi TikTok adazikonza mwa luso kuti chala chisaleke kuyenda, pakuti phindu lawo limachokera pa nthaŵi imene munthu wathera pamenepo. Koma nkhaŵa yokankhidwa usana siichoka. Imadikira, ndipo imabwera pakati pa usiku pamene munthu alibe mphamvu zolimbana nayo. Ndi bwino kukumana nayo kukuŵala, pang'onopang'ono, munthu ali ndi nyonga zake.

Pamenepa pafunika chenjezo lalikulu, kuti womvera wina asatenge nkhaniyi molakwika. Kukhala chete kuli paŵiri. Pali bata limene munthu amalisankha, n'kutulukamo atapepukidwa ndi kubwerera kwa anzake ndi nkhope yomasuka. Palinso chete wina, wa munthu amene wadzitsekera chifukwa cha chisoni, manyazi kapena mantha. Uyu sapepukidwa; maganizo ake amangozungulira pamalo amodzi ngati mbuzi ya pachingwe. Za chete wotereyu akale adanenanso mawu awo, kuti chetechete sautsa nyama. Munthu akakhala milungu iŵiri kapena kuposerapo ali wachisoni, osakondwanso ndi zimene ankazikonda, osagona, osafuna kudya, akudziona wopanda pake, kapena akuganiza zodzipha, mankhwala ake si kumusiya yekha. Ameneyo akudwala, monga mmene munthu amadwalira malungo, ndipo matenda akewo amachizika. Mu 2022 bungwe la WHO lidanena kuti pa dziko lonse munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse ali ndi vuto la umoyo wa maganizo. M'dziko muno malipoti a apolisi aonetsa kaŵirikaŵiri kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, anthu amene adakula akuuzidwa kuti mwamuna salira.

Anansi a ku Zimbabwe ali ndi mawu a vuto limeneli, akuti kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo wa ku Harare, Dixon Chibanda, poona kuti madokotala onga iye ndi ochepa kwambiri, adayamba kuphunzitsa agogo aakazi luso lomvetsera. Agogowo amakhala pa benchi panja pa chipatala chaching'ono, ndipo wovutika maganizo amabwera n'kukhala pambali pawo. Gogo salalikira ndipo sadzudzula; amamvetsera, n'kumuthandiza munthuyo kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zidaonetsa kuti patapita miyezi 6, amene adakhala pa benchi ija adali bwino koposa amene adalandira chithandizo cha masiku onse. Njira imeneyi yayesedwanso m'Malaŵi muno. Phunziro lake n'lakuti bata lina limapezeka pa anthu aŵiri, pamene wina watseka pakamwa pake kuti mnzake atsegule mtima. Wofuna thandizo angayambire pa chipatala cha boma cha m'boma lake, pamene pamakhala anamwino ophunzira za matenda a maganizo. Palinso chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko si manyazi.

Tsono munthu wamba, wokhala m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi ana asanu, bata angalipeze kuti? Funso limeneli ndi loyenera, pakuti olemera amagula bata ndi mpanda wa njerwa, pamene wosauka amagona khoma limodzi ndi chimkuzamawu cha mnzake. Komabe bata lofunikalo si la tsiku lathunthu, ndiponso silifuna kuti dziko lonse liti zii. Mphindi khumi zikwanira poyamba. Wina angazipeze m'bandakucha, pakhonde, ana asanadzuke ndiponso asanagwire lamya. Wina angatsike minibasi siteji imodzi asanafike, n'kuyenda pansi popanda zomvera m'makutu. Wina angaloŵe m'tchalitchi kapena mumzikiti pa nthaŵi imene mulibe mapemphero. Wa kumudzi angapite kudimba wailesi ataisiya kunyumba tsiku limodzi pa mlungu. Akakhala pansi, apume pang'onopang'ono, mpweya wotuluka utalike kuposa woloŵa, pakuti kupuma kotero kumatsitsa kugunda kwa mtima. Kenaka amvetsere zimene zilipo: tambala wa kutali, tsache la mnansi, mphepo m'masamba a nthochi.

Masiku oyamba maganizo adzabwera ngati njuchi zosokonezedwa, ndipo munthu adzaganiza kuti zalephereka. Asataye mtima, pakuti ndi mmene zimayambira kwa aliyense. Ganizo likabwera aliyang'ane n'kulilola lipite. Likakhala lofunika, alilembe papepala kuti alione bwino pambuyo pake. Usiku lamya igone patali ndi mphasa, chifukwa kuŵala kwake ndi nkhani zake zimachedwetsa tulo, pamene munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Uthenga wokwiyitsa ukafika madzulo, yankho lake ligone mpaka m'maŵa. Mabanja ambiri ndi maubwenzi ambiri akadapulumuka ndi lamulo laling'ono limeneli. Ndipo pasakhale wosokoneza bata ndi moŵa. Moŵa umagonetsa maganizo kwa kanthaŵi, koma m'maŵa matope aja amapezeka ali pomwepo, ataonjezekera.

Pali anthu ena amene sangalipeze bata pokhapokha wina atawapatsa. Woyamba ndi mayi wa pakhomo. Iye amadzuka onse asanadzuke ndi kugona onse atagona, mwana ali kumsana, wina akukoka chitenje, wina akulira kuti amuone. Akangokhala pansi pang'ono, pamapezeka wonena kuti mkazi uyu ndi waulesi. Bambo amene amatenga ana n'kupita nawo kokayenda kwa theka la ola, kuti amayi awo atsale okha, wapereka mphatso yoposa nsalu yatsopano. Apongozi ndi alamu nawonso aphunzire kumuona mtengwa atakhala phee popanda kumufunira ntchito. Achiŵiri ndi ana. Mwana amene akungoyang'ana nyerere pabwalo asafulumire kupatsidwa lamya kuti asasungulumwe, pakuti m'kusungulumwa kotero ndi mmene ana amapekera maseŵero ndi kuumba ng'ombe zadothi. Mphunzitsi naye angayese kupatsa ana mphindi ziŵiri za chete akatha phunziro lovuta, asanayambe lina.

Potsiriza, bata la munthu lili m'manja mwa mnansi wake. Mwini malo omwera moŵa, wokonza phwando la ukwati, mtsogoleri wa mapemphero a usiku, woyendetsa minibasi, onseŵa ali ndi ufulu wochita ntchito zawo. Koma kuseri kwa khoma kuli wodwala amene sadagone masiku atatu, kuli mwana wa Sitandade 8 amene akukonzekera mayeso, kuli mlonda amene wagwira ntchito usiku wonse, kuli khanda limene langogona kumene. Kutsitsa chimkuzamawu ikakwana nthaŵi yogona sikuchotsa chimwemwe cha ukwati kapena mphamvu ya pemphero. Mafumu, makhonsolo ndi akuluakulu a mipingo angathandize pokhala pansi ndi anthu awo n'kugwirizana za maola, monga mmene amagwirizanirana za chitsime kapena za manda. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo mudzi wosapuma nawo umatopa.

Bambo uja wa ku Ndirande adzadzukabe maŵa ndi ngongole yake, ndipo wa katapila sadzaiŵala tsiku. Koma ngati atakhala pakhonde mphindi khumi asanatsegule lamya, mwina adzaona kuti pa mavuto asanu amene amamuzinga, aŵiri angadikire, limodzi angalikambe ndi mkazi wake, ndipo limodzi lifunika kupita nalo kwa mkulu wina amene amamukhulupirira. Ndipo mwana uja akadzabweranso ndi nkhani ya kope, mwina adzapeza bambo wokhoza kuyankha kuti, "Ndamva, mwanangu, tiona Loŵeruka." Kusiyana kwa mayankho aŵiriŵa ndi kwakukulu kwa mwana amene akukula m'nyumba imeneyo.

Nkhani ya madzulo ano yathera pamenepa. Si kaŵirikaŵiri pamene nyumba youlutsira mawu imapempha omvera ake kuti atseke wailesi, koma lero ikutero. Womvera wa ku Chitipa, wa ku Nkhotakota, wa ku Mchinji kapena wa ku Nsanje, ngati angathe, aitseke kwa mphindi khumi zokha, lamya aiike pambali, akhale pakhonde amve mmene usiku wa kwawo umamvekera. Akadzaitsegulanso adzaipeza ikulira monga mwa masiku onse.